Foni ya m'bale wanu wosaona ikasiya kuyankhula, yambani apa musanathamangire kwa okonza

Vuto ili limabwera mobwerezabwereza moti aliyense amene ali ndi m'bale wosaona pakhomo akulidziwa. Dzulo foni imayankhula bwinobwino, kuwerenga mameseji, kutchula dzina la amene akuimba, lero m'mawa mwiniwake akuikhudza yangoti zii. Iyeyo sangaone pa sikirini kuti chachitika ndi chani, inu amene mumaona simudziwa olo kuti mawu aja amachokera pati, nde mapeto ake foni imapita kumsika, okonza amaipanga fulashi, manambala onse apita, ndalama yapita, chonsecho vuto lake linali la masekondi atatu basi.

Mawu amene amayankhula mu foni za Android aja dzina lake ndi TalkBack, ndi pulogalamu ya Google ndipo imabwera kale mu foni zambiri, kaya ndi Tecno, itel, Infinix kaya Samsung, simuchita kugula. Ku iPhone amati VoiceOver, ija inayamba 2009. Ine ndikamba kwambiri za Android poti ndi zimene zili m'manja mwa ambiri kuno kwathu. Ndipo musaone ngati ndi nkhani ya anthu awiri atatu, kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la iwowa vuto lawo ndi la maso.

Choyamba funsani: foniyi anaigwira ndani?

Funso limeneli ndi limene limathetsa nkhani nthawi zambiri. Foni ya munthu wosaona siizimitsa mawu yokha kawirikawiri, timazimitsa ndife oona. Mwana wabwereka kuti asewere gemu, mlongo wake wabwereka kuti aimbe kamodzi, ejenti wa ndalama wailandira kuti athandize kutapa, mnyamata wotchajitsa pa trading paja wafuna kuona ngati yadzadza, aliyense akaigwira amaona ngati yapenga chifukwa ukadina sikutseguka, ikungoyankhula Chingerezi, nde amafufuza mpaka kuzimitsa, kenako nkubweza osayatsanso. Iwo amapita kwawo mtima uli m'malo, mwini foni watsala ndi galasi losalala lopanda chomuuza. Ine ndimati kuchita zimenezi sikusiyana ndi kumubwereka munthu ndodo yake yoyera ija pakati pa msewu nkuchoka nayo.

Kuyatsanso kwake, gwirani mabatani onse awiri a voliyumu, lokweza ndi lotsitsa, pamodzi, osasiya kwa masekondi atatu. Ngati njira yachiduleyi inakonzedwa kale mu foniyo mumva ikunena kuti TalkBack yayaka, nkhani yathera pompo. Pa ma Samsung ena amagwiritsa batani la m'mbali lija ndi lokweza voliyumu. Dziwaninso kuti njira yomweyi ndi imene imazimitsa, nde foni ikapanikizika m'thumba la thalauza yothina kapena pamene amayi aimangirira pa nsonga ya chitenje, mabatani aja amatha kudinika okha, apo palibe wolakwa.

Ikapanda kuyankha pitani ku Settings, mufufuze Accessibility. Mafoni amasiyana, ena anaiika poyera, ena anaibisa mkati mwa System kapena Additional settings, mukasowa ingolembani mawu oti TalkBack pa malo ofufuzira pamwamba pa Settings paja. Mukaipeza yatsani, koma musachoke pompo ayi, pansi pake pali TalkBack shortcut, yatsaninso imeneyo musankhe ya mabatani a voliyumu. Apa ndi pofunika kwambiri kuposa pena paliponse mu nkhani yonseyi, chifukwa shortcut ikakhala yoyatsa mwini foni amatha kudzibwezeretsera mawu yekha olo ali yekhayekha m'nyumba usiku, safunikanso kudikira mwana abwere ku sukulu. Amene ali ndi bandulo komanso Google Assistant yoyatsa atha kungoiuza m'Chingerezi kuti "turn on TalkBack", koma ine sindidalira njirayi poti netiweki yathu mukuidziwa.

Tsono kwa inu oona amene mumabwereka foni, simufunika kuzimitsa kanthu, phunzirani zinthu zitatu zokha. Kukhudza kamodzi sikutsegula, kumangosankha chinthucho nkuchiwerenga. Kuti chitseguke gogodani kawiri mwachangu, paliponse pa sikirini, sikuti mpaka pa chinthu chomwecho. Kuti mutsitse kapena kukweza tsamba gwiritsani zala ziwiri osati chimodzi, ndipo kutsegula loko ndi chimodzimodzi, zala ziwiri kukankhira m'mwamba. Basi. Mwana wa sitandade 4 amazigwira izi tsiku limodzi. Mukaona kuti zakukanikani ndipo mwazimitsa ndithu, yatsaninso foni isanachoke m'manja mwanu, mumve ikuyankhula ndi makutu anu, kenako perekani.

Yayaka koma mawu kulibe

Apa yang'anani pa sikirini. Mukakhudza chinthu nkuona kabokosi kobiriwira kakuchizungulira, TalkBack ili moyo, chasowa ndi mawu okha. Anthu ambiri apa amakweza voliyumu mpaka pamapeto nkumadabwa kuti nyimbo zikumveka koma foni sikuyankhulabe. Chifukwa chake nchoti kuyambira Android 8 mawu a TalkBack ali ndi voliyumu yakeyake yosiyana ndi ya nyimbo komanso ya kuitana. Ikani chala chimodzi pa sikirini osachotsa, uku mukudina batani lokweza voliyumu, imene ikukwera pamenepo ndi ya TalkBack.

Zikakanika onani Bluetooth. Izi zimachitika kwambiri m'nyumba mmene muli kasipika ka nyimbo kaja, foni inalumikizidwapo tsiku lina pa chinkhoswe kapena pa kwaya, nde wina akangoyatsa kasipikako kuchipinda kwina foni imalumikizika yokha, mawu onse akupita kumeneko, mameseji a munthu akuwerengedwa mokweza kuchipinda kwa anyamata iye ali pabalaza akudabwa. Zimitsani Bluetooth, ndipo bola kuchotseratu kasipikako pa mndandanda wa zolumikizidwa. China ndi kabowo ka mahedifoni, fumbi la mu Okutobala likadzadzamo kapena mukalowa chinyezi foni imaganiza kuti mahedifoni alimo, pamwamba pamaoneka kachizindikiro kake chonsecho mulibe kanthu. Lowetsani mahedifoni nkutulutsa kangapo, pukutani ndi kamtengo kotokosera m'mano mosamala foni ili yozimitsa, singano ayi.

Palinso kugogoda kamodzi ndi zala ziwiri, kumeneko kumaimitsa kuyankhula ndipo kugogodanso kumapitiriza, munthu amatha kuchita mwangozi. Komanso kumtunda kwa foni pafupi ndi kamera ya kutsogolo kuli kasensa kamene kamadziwa kuti foni yayandikira nkhope, mu ma setting a TalkBack muli posankha kuti kasensako kakaphimbika mawu adziduka. Ngati galasi loteteza sikirini linamatidwa mokhota nkuphimba pamenepo, kapena pachita litsiro, foni imayamba mawu nkudula, kuyamba nkudula. Pukutani, ndipo ngati mwiniwake sagwiritsa ntchito zimenezo zimitsani.

Zonsezi zikalephera vuto lili ku injini ya mawu. TalkBack payokha ilibe pakamwa, imatumiza zolemba ku pulogalamu ina imene imasandutsa zolembazo kukhala mawu, ya Google panopa imalembedwa Speech Recognition & Synthesis, mafoni akale imalembedwa Google Text-to-speech, Samsung ilinso ndi yakeyake. Pitani ku Accessibility kuja mupeze Text-to-speech output, pali batani la Play loyesera. Likakhala chete ndiye mwapeza pamene pali nthenda. Chimachitika nchani? Foni yadzadza ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, ya mpingo, ya banja, ya bank m'khonde, nde wina wachifundo wati ndikupangireni space, wapita ku Apps nkumachotsa ndi kuzimitsa chilichonse chimene sakuchidziwa, injini ya mawu yapita nawo. Pitani ku Apps muipeze, ngati yalembedwa Enable dinani pamenepo, ipangeni update pa Play Store, zimitsani foni nkuyatsanso. Mukafuna kuiyeretsa dinani Clear cache, osati Clear data, chifukwa Clear data imatha kufufuta mawu amene munapanga download kale nde mufunikanso bandulo. Ndipo mukafuna space chotsani mavidiyo, zimitsaninso kuti WhatsApp isamapange download yokha zithunzi ndi mavidiyo, mwini foni zambiri mwa izo sizimuthandiza koma zikumudyera malo ndi bandulo yomwe.

Ndimalimbikitsa kukhala ndi injini yachiwiri yongosungira. eSpeak ndi yaulere, yaing'ono, siifuna intaneti, mawu ake ndi okhakhala ngati makina koma tsiku limene inayo yafa imakupulumutsa.

Imayankhula, kenako masana yafa yokha

Ili ndiye limasowetsa mtendere chifukwa mukonza m'mawa, madzulo labweranso. Kawirikawiri ndi zosunga batire. Mafoni otchipa ambiri amabwera ndi ma apu oyeretsa aja olonjeza kuti foni ithamanga, ntchito yawo ndi kupha chilichonse chimene chikugwira ntchito kumbuyo, sadziwa kuti china ndi maso a munthu. Pitani ku Apps, pezani Android Accessibility Suite, mmenemo ndi mmene mumakhala TalkBack, lowani pa Battery musankhe Unrestricted kapena Don't optimise malinga ndi foni, chitaninso chimodzimodzi ndi injini ya mawu ija. Apu yoyeretsa imene munthu anachita kuikamo yekha ichotseni basi, imene inabwera ndi foni lowani mkati muike ziwirizi pa mndandanda wa zosakhudzidwa.

Magetsi akathima tsiku lonse anthu timathamangira ku Ultra power saving kuti batire ifike mawa. Pa mafoni ena imeneyi imatseka pafupifupi chilichonse nkusiya kuimba ndi SMS, nde yesani kaye muli limodzi ndi mwiniwake muone ngati mawu akutsala, akapanda kutsala musamaigwiritse. Njira yabwino yosungira batire kwa munthu wosaona ndi kutsitsa kuwala kwa sikirini mpaka pansi, poti chimene chimadya batire kwambiri ndi kuwalako ndipo iye sakufuna. Power bank yaing'ono ndi mphatso yabwino kuposa malaya.

Kunena chilungamo, foni ya RAM (memori imene foni imagwirira ntchito) ya 1GB kapena 2GB imavutika, ukakhudza chinthu mawu amabwera mochedwa moti munthu amagogoda kawiri pa chinthu cholakwika. Ma setting sangachize zimenezo kwenikweni. Pa banja mukasonkha zogulira foni musamati poti saona timugulire yotchipitsitsa kamera alibe nayo ntchito, iyeyo ndi amene akufunika RAM yochuluka kuposa nonsenu, ndipo kamera yabwino ndi imene imamuwerengera mapepala.

Pena zimakhala zotembenuka, foni ikuyankhula koma sikirini yada bii, achibale nkumati yafa sikirini tikasinthitse. Musasinthitse. TalkBack ili ndi Hide screen, mwiniwake amayatsa dala kuti oyandikana naye mu minibasi asamawerenge mameseji ake. Mufunseni kaye. Kuti ionekenso tsegulani menyu ya TalkBack, kokani chala chimodzi kutsika kenako kumanja osachinyamula, kapena gogodani kamodzi ndi zala zitatu pa mafoni atsopano, musankhe Show screen. Ku iPhone zala zitatu kugogoda katatu kumadetsa kapena kuwalitsa sikirini, zala zitatu kugogoda kawiri kumazimitsa kapena kuyatsa mawu, ziwirizi zimasokonezeka kwambiri moti iPhone ikangoti chete yesani zimenezi musanayese china chilichonse.

Nkhani ya ndalama

Apa ndikhalitsapo chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekeka. Kutumiza kapena kutapa ndalama pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba kumayenda ndi nthawi, ukachedwa kuyankha menyu imatseka uyambirenso. Munthu woona amangoponya diso nkudina nambala, koma TalkBack imayamba kuwerenga menyu yonse kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere, kenako munthu afufuze pamene alembe, afufuze nambala pa kiyibodi, afufuze Send, pofika pa PIN nthawi yatha. Akayesa kangapo amatopa nkupereka foni kwa ejenti kapena kwa mwana wa neba pamodzi ndi PIN yomwe, kuyambira tsiku limenelo ndalama zake si zake yekha.

Amalume anga anasiya kuona ali aakulu kale, ndipo mmene amachitira ndi zimene ndimaphunzitsa ena. Amavala hedifoni imodzi khutu lakumanzere, lakumanja amalisiya kuti adzimva zochitika pozungulira, foni amaigwira chafufumimba pafupi ndi chifuwa sikirini itada, chala chikuyenda pa kiyibodi osanyamuka mpaka amve nambala imene akufuna ndiye anyamule, nambala ija yalembeka. Liwiro la mawu analikweza moti ine ndikamvetsera sinditolapo kanthu. Tsiku lina ejenti wina anatambasula dzanja kuti bweretsani bambo ndikupangireni msanga pali mzere, iwo anangoti "Ayi mwanawe, ingonditchulira nambala yako ya ejenti pang'onopang'ono, zinazo ndipanga ndekha." Atamaliza anadikira meseji, anaimvetsera yonse mpaka pa ndalama zotsala, kenako anawerenga makwacha ndi zala asanasunthe phazi. Pobwerera anandiuza kuti "Mphwanga, foni ikachoka m'manja mwangamu ndimakhala sindikudziwa chimene chikuchitika ndi ndalama zanga, olo munthuyo akhale wabwino chotani."

Nde chimene chimathandiza ndi ichi. Kwezani liwiro la mawu pang'onopang'ono, Speech rate ili ku Text-to-speech output komwe kuja, khutu limazolowera sabata ndi sabata. Lowezani ndondomeko ya manambala a zimene mumachita kawirikawiri, kutumiza, kutapa, kugula mayunitsi, kuti musamadikire menyu yonse iwerengedwe, koma tsamba lomaliza lotsimikiza lija, la dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, limvetsereni lonse nthawi zonse poti ma menyu amasintha osakuuzani. Nambala ya wolandira ikopereni kaye musanayambe kuti pofika pamenepo mungopanga paste. Yeserani kunyumba ndi kufunsa balansi mpaka zala zizolowere, osati kukaphunzirira pa mzere anthu akukupumirani m'khosi.

Mahedifoni pa nkhani ya PIN si zokambirana. M'ma apu ndi pa loko ya foni TalkBack imabisa manambala achinsinsi ngati simunavale mahedifoni, imangotchula kadontho, ndipo ena amaona ngati yawonongeka pamene ikuwateteza, mukavala mahedifoni imatchula. Koma pa ma menyu a nyenyezi ndi hashi aja kabokosi kolembamo ndi wamba, foni sidziwa kuti imeneyi ndi PIN, nde imatchula nambala iliyonse mokweza aliyense pa shopu akumva. Mahedifoni a waya otchipa omwewa akwanira.

Ma apu a mabanki ndi a makampani a mafoni amachotsa vuto la kuthamangitsana ndi nthawi, koma ena ali ndi lawo, mabatani opanda dzina. Woona akuona kachithunzi ka muvi, TalkBack ikungoti "unlabelled" kapena "button" basi, munthu sadziwa ngati ndi lotumiza kapena lofufuta. Pa mabatani ambiri otere mutha kuikapo dzina nokha, sankhani batanilo, tsegulani menyu ya TalkBack, mupeze Add label, woona akuuzeni kamodzi kuti ndi la chani mulembe, kuyambira apo lidzitchulidwa. Koma uku ndi kuphimba dzenje la eni apu. Kuika dzina pa batani ndi ntchito yaing'ono kwa wopanga apu, ndipo dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, limene limakambanso za mafoni ndi intaneti, mu 2024 tinakhalanso ndi lamulo latsopano la anthu aulumali. Kudandaula ku banki kapena ku kampani, ngakhale ku MACRA pa nkhani za mafoni, si kupempha chifundo. Polemba dandaulo tchulani tsamba lenileni ndi batani lenileni limene silikutchulidwa, zikatero amasowa pozembera.

Tokeni ya magetsi ya ESCOM ili ndi manambala 20, TalkBack imatha kuwawerenga ngati ndalama zankhaninkhani kapena kuthamanga nawo. Sinthani kawerengedwe, kokani chala kukwera nkutsika mwachangu osanyamula mpaka mumve "Characters", kenako kukoka kutsika kamodzi kulikonse kukupatsani nambala imodzi. Njira yomweyi ndi yowerengera ma code obwera pa SMS aja.

Ikuwerenga koma Chichewa chake sichikumveka

Ili si vuto la kuwonongeka. Mawu a Chingerezi akamawerenga Chichewa amapotoza moti "ndikubwera mawa" umachita kuganizira. Ambiri amangozolowera, koma yesani kusintha chiyankhulo cha injini ya mawu kupita ku Swahili, kalembedwe kake nkoyandikana ndi kathu, ma a e i o u amatchulidwa mmene timatchulira ife, nde mameseji a Chichewa amamveka bwinoko kwambiri. Kuipa kwake ma menyu a Chingerezi ndi amene amayamba kumveka mwachilendo ndipo manambala idzitchula m'Chiswahili, nde mwiniwake ayese masiku angapo asankhe yekha, osamusankhira.

Mbali yaikulu ya vutoli ndife olemba. Tikalemba "bwnj" "zkm" "ndkbwr" makina sangatchule, amangotulutsa phokoso. Tikaika ma emoji khumi oseka motsatizana foni imatchula dzina la emoji, nthawi zina mmodzimmodzi mpaka onse athe. Zilembo zokongoletsa zopendekera zija anthu amaika pa dzina la Facebook kapena pa status, zina imazidumpha zina imazitchula zachilendo. Ndipo chachikulu, uthenga wa maliro, pulogalamu ya ukwati, chidziwitso cha msonkhano wa mpingo, timatumiza ngati chithunzi kapena screenshot, kwa munthu wosaona foni imangomuuza kuti pabwera chithunzi, gulu lonse likulemba "pepani" iye sakudziwa kuti wamwalira ndani. Mukatumiza chithunzi lembani pansi pake mfundo zake, ndani, liti, kuti, kapena jambulani voice ya masekondi makumi awiri. Pa Facebook pali polemba alt text, mawu ofotokoza zimene zili pa chithunzi, pa chithunzi chilichonse, Facebook imayesa kufotokoza yokha kuyambira 2016 koma imangoti mwina pali anthu atatu ataimirira, sidziwa kuti ndi agogo pa tsiku la chinkhoswe.

Kwa mwini foni, Lookout ya Google ndi Seeing AI ya Microsoft zimawerenga zolemba za pa pepala kapena pa chithunzi kudzera pa kamera, zolemba za makina zimaziwerenga bwino kuposa za pamanja. Be My Eyes, imene inayambira ku Denmark mu 2015, imakulumikizani pa vidiyo ndi munthu wongodzipereka kuti akuonereni, koma imadya bandulo ndipo musamuonetse khadi la ku banki kapena PIN.

Ma voice a WhatsApp ali ndi kavuto kawo. Munthu wosaona amakonda kuyandikitsa foni kukhutu kuti amve bwino, nde kasensa kaja kakaona nkhope WhatsApp imasamutsa mawu kupita ku kasipika kakang'ono ka m'mwamba nkuzimitsa sikirini, munthu nkumati voice yaduka kapena foni yazima. Italikitseni pang'ono kapena valani mahedifoni. Mahedifoni omwewo amathandizanso kuti pojambula voice mawu a TalkBack asalowe nawo.

Zala sizikumveka

Mukakoka chala foni nkumachita zina, onani sikirini. Mng'alu umene woona amangoupirira, kwa wogwiritsa TalkBack umadula mzere wa chala pakati nde foni imamva ngati mwakoka kawiri, komanso umacheka chala poti chalacho chimakhala chikukwawa pa galasi tsiku lonse. Galasi loteteza lokhuthala kwambiri kapena lolowa mpweya lichotseni muike lina. Zala zonyowa kapena za mafuta ndi chimodzimodzi. Ngati foni ili pa kayendetsedwe kokoka m'mphepete kaja, ibwezereni ku mabatani atatu a pansi, ku System navigation musankhe 3-button navigation, mabatani amakhala malo amodzi ndipo chala chimawapeza.

Anzathu oona pang'ono, kuphatikiza achialubino amene kalembera yemwe uja anawapeza oposa 134,000, ambiri sagwiritsa TalkBack koma Magnification, yokulitsa zinthu pa sikirini. Sikirini ikangokula mwadzidzidzi zinthu nkumaoneka theka, gogodani katatu ndi chala chimodzi ibwerera. Kugogoda katatu kumeneku kumachedwetsako foni poti imadikira kuona ngati mugogodanso, nde bola kusankha kabatani ka pa sikirini ngati shortcut yake. Mitundu ikatembenuka zithunzi za anthu nkumaoneka zoopsa, ndi Colour inversion, ili ku Accessibility komweko, koma funsani kaye poti ena amayatsa dala kuwala koyera kumawapweteka maso.

Pa kompyuta mwachidule: NVDA, pulogalamu yoyankhula ngati TalkBack ya pa Windows, ndi yaulere, inayambitsidwa mu 2006 ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Ikakhala chete dinani Ctrl, Alt ndi N kuti iyambe, ngati yayaka koma siikuyankhula dinani Insert ndi S kangapo mpaka imveke. Ikakanikiratu, Ctrl, Windows ndi Enter imayatsa Narrator imene ili kale mu Windows, ikuthandizani kufufuza vuto. JAWS, pulogalamu ina yoyankhula koma yogula, ikamasiya pakatha mphindi 40 sikuti yawonongeka, ilibe laisensi. NVDA imathekanso kuiika pa fulashi nkumayenda nayo ku ofesi kapena ku cafe.

Zikafika poti ipite kwa okonza

Yesani kaye sipika, imbani nyimbo kapena ikani foni pa loud. Ngati palibe chikumveka koma pa mahedifoni zikumveka, sipika ndi imene yafa, imeneyo ndi ntchito ya okonza ndipo sifunika fulashi, wina akakuuzani kuti mpaka afulashe pitani pena. Ngati afulasha ndithu pa zifukwa zina, onetsetsani kaye kuti manambala asungidwa ku akaunti ya Google komanso kuti mwiniwake akudziwa password yake, poti ambiri akaunti anawatsegulira ndi munthu wina amene anasamuka kalekale, ndipo popanda imeneyo foni yofulashidwa imatha kukana kutseguka. Ikayaka koyamba pa tsamba lolandirira lija, kugwira mabatani awiri a voliyumu kwa masekondi angapo kumayatsa TalkBack pompo, mwini foni atha kudzilembera yekha password osauza munthu.

Pitani naye mwiniwake kokatenga foni. Musachoke pa benchi ya wokonza asanayese yekha kuimba, kumvetsera meseji imodzi, kufunsa balansi, ndi kuzimitsa nkuyatsanso TalkBack ndi mabatani a voliyumu. Liwiro la mawu, chiyankhulo, za batire zija ndi ma label amene munaika zimakhala zafufutika, nde mukafika kunyumba khalani pansi muzibwezeretse tsiku lomwelo. Amene wangoyamba kumene, mkati mwa ma setting a TalkBack muli Tutorial yoyeserera zala popanda kuwononga kanthu, ndipo a Malawi Union of the Blind, a FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), kapena aphunzitsi a m'ma resource centre amene anaphunzira ku Montfort ku Nguludi atha kukulozerani munthu wosaona mnzake wa dera lanu amene amagwiritsa kale foni yotere, ameneyo amaphunzitsa msanga kuposa ife oona chifukwa amafotokoza ndi zala osati ndi "dinani apo pa buluu".